Maluwa Oyamwa Udzu

Lolemba, 5 Meyi
Maluwa achikasu aja atulukanso kuseri kwa holo, pamtunda pomwe sitithira feteleza. Ndawerenga kawiri, alipo 43. Kumunsi konyowa kulibe ndi limodzi lomwe. Zaka 11 ndikusamala bwalo la sukulu ino, sindinawaonepo pena.

Lachitatu, 7 Meyi
Khumi oyamba ndawazulira udzu wonse kuti apume. Ndi manja, khasu ayi. Mayi akunyumba akuti, "Inu bambo, ine simunandipalirepo chonchi."

Lolemba, 12 Meyi
Khumi aja afota onse. Amene ndinawasiya m'udzu ali bwinobwino.

Lachiwiri, 13 Meyi
Ndapita ndi duwa limodzi kwa aphunzitsi a sayansi. Aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti duwali limayamwa mizu ya udzu, ukazula udzu walilanda mbale. Ndiye ndawapha ndi chifundo! Akuti limakonda malo okwera, osathiridwa kanthu, ndipo kuno likusowa. Ife tili nalo! Koma udzu usatchetchedwe njere zisanaume, apo ayi chaka chamawa kulibe. Zikauma zimalira ukagwedeza.

Lachisanu, 16 Meyi
Ahedi akuti bwalo lonse litchetchedwe pa 30, makolo akubwera pa 31. Chimphepo, woyendetsa makina otchetchera, akuti, "Achimwene, makina anga sadziwa duwa." Ndazika zikhomo ndi kumanga chingwe kuzungulira maluwa aja, mapazi 12 uku, 9 uku.

Lachinayi, 29 Meyi
Ndagwedeza onse 33. Zii. Njere zikadali zaziwisi. Ndalemba papepala mawu oti ndikanene n'kupita kwa ahedi, chipewa m'manja. Ndili pakhomo ndinapeza pepala ndasiya m'shedi. Ndangoti, "Bwana, tiyeni mukaone." Abwera, agwada ndi suti yawo yomwe, ayang'ana nthawi yaitali. Kenako abwerera ku ofesi.

Lachisanu, 30 Meyi
Chimphepo wafika pachingwe makina ali kulira, ine mtima uli m'mwamba. Wakhota! Wazungulira bwinobwino, akuseka. Kani ahedi anamuuza m'mawa, iye dala osandiuza, chitsiru.

Masana ahedi andiitana. Akuti udzu ukhale mpaka njere ziume, koma makolo adzafunsa za thengolo, ndiye mawa ndiime pachingwe ndiwafotokozere. Ine wa Sitandade 6! Ndayeserera kwa Chimphepo m'shedi, iye atakhala pa wilibala ngati kholo. Wandifunsa mafunso atatu. Awiri ndayankha.