Dominiko Adameta Nawo Maliro Anu

Amayi, kumene mudapitako mukudzuka bwanji? Ndine Esinati, chisamba chanu. Kuno ku Pembamoyo tilipo ndithu, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanga Agnesi adachira m'mwezi wa Juni, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kulira kwake, mayo ine, mudzi wonse umadziwa kuti wadzuka. Mtedza wachita bwino, nkhokwe yadzaza. Chimanga ndiye ayi, feteleza tidangomuona ndi maso pa boma. Ng'ombe yanu yakuda ija idafa ndi matenda, ngolo yangokhala pansi pa mtengo wa mango, katundu tikusenza pamutu ngati kale.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi nkhani ya mwana wanu Fabiano.

Mwezi watha tidaphika thobwa, abale adasonkhana kudzameta maliro anu kachiwiri. Fabiano adasiya makina ake osokera pa msika wa Chadiza n'kubwera ndi Dominiko, wokonza njinga uja amakhala naye nyumba imodzi. Mukumukumbukira, ndi amene ankakukwezani panjinga kupita nanu kuchipatala miyendo itatupa. Adzukulu atayala mphasa n'kutenga lumo, tidakhala pansi ife ana anu, atengwa ndi akamwini. Mukudziwa inu kuti mlendo sameta, amangopenya. Koma Dominiko, misozi ili chuchuchu, adavula chipewa n'kudzakhala pamphasa pambali pa Fabiano, mutu ataweramitsa. Sadaganize n'komwe, Amayi. Ankalira inu.

Mdzukulu wina, poti pakamwa pa adzukulu palibe mlandu, adakuwa kuti, "Taonani mtengwa wathu wandevu! Bweretsani chitenje!" Anthu adaseka. Fabiano akadaseka nawo, bwenzi zitathera pomwepo. Iye adangoti zyoli, thukuta lili kamukamu, kenaka adagwira dzanja la mnzakeyo anthu onse akuona. Kuseka kudaduka. Mdzukulu uja adammeta ndithu Dominiko.

Alongo anu, atsibweni a Tadeyo, ngakhale thobwalo sadamwe. Chaka chino wailesi yawo ikungolankhula za amuna otere. Akuluakulu a ku Lusaka akuti dziko lino ndi lachikhristu, ndipo lamulo likuti wopezeka apite kundende zaka zambirimbiri. Atsibweni ayimva ndi makutu onse awiri. Akuti Fabiano akwatire mvula isanagwe, apo ayi akamtula okha kupolisi. Koma ati mlandu wopanda mboni suyenda, ndiye maso awo ali pa ine, poti ndine ndidagona kunyumba kwa anyamatawo masabata atatu aja ndinkakudwazikani pa boma. Loweruka likudzali aitana mbumba yonse kuti ndikanene zimene ndidaona.

Ndidaona, Amayi. Kuchipinda kwawo kudali bedi limodzi ndi bulangete limodzi. Ndidaonanso Dominiko akuchapa nsalu zanu zija ine mwana wanu weniweni ndinkachita nazo nseru. Nanga inu simudaone? Anthu akakufunsani kuti Fabiano akwatira liti, munkayankha kuti, "Msiyeni mwana wanga, sadakubereni mbuzi." Ine ndinkayesa mukungocheza. Lero ndikuona kuti munkadziwa, ndipo mudachoka osandiuza, n'kundisiyira mtolo wonse ndekha. Pamenepo ndakukwiyirani, ndisaname.

Zinthu zimenezi sindizimvetsa. A katekisiti amati ndi tchimo, ine ndine yani kuti nditsutse? Tsiku lometa maliro lija ndidamkokera Fabiano kuseri kwa nkhokwe n'kumkalipira mpaka mawu kusasa. Iye adangoti, "Alongo anga, mukanene zimene mtima wanu ukufuna, ine sindidzakudani." Akadanditukwana bwenzi zili bwino. Mwana ameneyu ndidambereka kumbuyo ine inu muli kumunda, mamina ndinkampukuta ndi nsalu yanga. Ndiye lero ndimpereke m'manja mwa apolisi, akadyedwe ndi nsabwe m'ndende? Komanso kumkakamiza ukwati, mwana wa eni ake amene adzamkwatireyo walakwanji? Munkati chibale ndi fupa, sichiwola. Sindinkadziwa kuti chimalemera chonchi.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo ndasankha. Loweruka ndikaima pamaso pa atsibweni n'kunena kuti ndidaona mabedi awiri. Mwina sakandikhulupirira, mwina akandida mpaka kumanda. Bodzalo ndilisenza ndekha, kaya ndidzaliulula bwanji kwa ansembe. Simudandiphunzitse kunama, Amayi, mundikhululukire. Koma ndikukulonjezani kuti ine ndikadali moyo, mwana wanu salowa m'ndende chifukwa cha pakamwa panga.

Ndine mwana wanu wokukondani kwambiri,
Esinati