Mtengo Umene Bambo Anaugwira

Lachinayi, mwezi wa Julaye.

Chifunga sichinachoke tsiku lonse kuno ku Tsangano, ndipo ndakhala ndikuyenda ngati munthu amene sanadzuke bwino.

M'mawa kunabwera achemwali anga. Akuti oyandikana nafe munda alowetsa mizere ya kachewere mbali yathu. "Achimwene, tsiku limene malemu bambo ankaonetsa malire munalipo ndinu nokha. Anagwira mtengo uti?"

Tinapita. Mitengo itatu ya mapichesi ili chiimire m'chifungamo, yofanana yonse. Ndikudziwa kuti tinkapita kumundako, kuti bambo ankayenda patsogolo, koma tsiku lenilenilo silikubwera. Chibwerereni ku nkhondo ya ku Congo, masiku anga akale anasungunuka n'kukhala tsiku limodzi lalitali lopanda nkhope. Koma mundifunse za nkhalango ija, ndikuuzani ngakhale fungo la matope ake.

Kenako m'maganizo ndinaona dzanja litagwira mtengo wapakati, bwinobwino, mpaka zikhadabo. Ndinaloza. Achemwali anaomba m'manja, nati mawa akhoma chikhomo pomwepo, wotsutsa aonana naye.

Pobwerera m'pamene ndinazindikira kanthu. Bambo sanavalepo wotchi moyo wawo wonse. Dzanja lija linali ndi wotchi yakuda, ya msilikali mnzanga amene anagwira mtengo chomwecho ataomberedwa kunkhondo kuja.

Achemwali asema kale chikhomo. Ndikawauze chiyani, kuti malire a munda wa bambo ndawatenga ku Congo? Mwina bambo abwera kumaloto adzaugwirenso okha mtengowo. Koma maloto anga sapita kumunda, amangopita...