Fupa la Mbali ya Chala Chaching'ono

Amayi okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mawondo aja akukulolani kufika kumunda, kapena mukungoyang'anira muli pakhonde? Nanga chifuwa cha mwezi watha chinatha? Ife kuno tilipo, ngakhale kuti kudzuka kwake n'kosiyanasiyana, monga mumve m'kalatamu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ili m'manja. Pafoni mumandidula ndisanafike pakati pa nkhani, komanso mumakweza mawu kuti nyumba yonse izimva. Iyi muwerenge muli nokha, mutavala magalasi anu.

Za kuno n'zomwe zija. Denga likudontha pamwamba penipeni pa bedi langa, ndipo mwini nyumba akuti mmisiri wake ali kumaliro. Malirowo tsopano atha mwezi. Kuchipatala ndikadali m'chipinda chomangira zikhakha, chaka chakhumi ndi chimodzi chino. Manja anga auma ngati a womanga nyumba.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mzime wanu ali kwanga, iye ndi mdzukulu wanu, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Mkono wake wamanzere uli m'chikhakha chimene ndinamanga ndine. Musadzidzimuke. Akudya, akugona, zala zikugwedezeka bwino.

Anabwera naye kuchipatala Lachiwiri la sabata yatha m'mawa mkamwini wanu, uja mumamutchula kuti adokotala. Ine ndimamutchula aChikwama, poti udokotala wake wonse umakwana m'chikwama chakuda chija amazungulira nacho m'maofesi, kugulitsa mapiritsi otsuka magazi ndi olimbitsa mafupa. Anafika atavala chijasi choyera chogula pamsika wa zovala zakale, zolembera zitatu zili pathumba. Mlonda wapachipata anamutsegulira mwaulemu poyesa kuti ndi mmodzi wa ife.

M'chipinda cha dokotala mng'ono wanga sanapatsidwe mpata wotsegula pakamwa. Dokotala akafunsa mkazi, woyankha anali mwamuna. Anati waterereka pa sopo kubafa. Anawonjeza kuti vuto lenileni ndi mafupa ofewa, chifukwa mkazi wake ndi wamakani, amakana kumwa mapiritsi amene anthu ena amawalimbirana. Kenako anayamba kutiphunzitsa. Anati mkono wa munthu kuchokera pachigongono kufika padzanja ndi fupa limodzi ngati mpini wa khasu, ndipo likasowa chakudya limafumbwa m'kati. Ananena zimenezi chithunzi cha mafupa a mkazi wake chili pakhoma patsogolo pake, mafupa awiri akuonekera poyera ngati njanji.

Dokotala wathu ndi mayi wachitsikana wosalankhulalankhula. Anangomufunsa kumene anaphunzira. Iye anatukula chifuwa n'kunena kuti anachita maphunziro a masiku atatu kuhotela, ndipo setifiketi yake ili m'felemu kunyumba. Dokotala anagwedeza mutu, n'kumupempha kuti akadikire panja.

Amayi, ndiloleni ndikuphunzitseni pang'ono, chifukwa popanda izi mudzakhulupirira za sopo. Kuchokera paphewa kufika pachigongono pali fupa limodzi lalikulu. Kuchokera pachigongono kufika pamene timavala wotchi pali awiri ogona moyandikana, lina mbali ya chala chachikulu, lina mbali ya chala chaching'ono. Pamfundo ya dzanja pali timafupa tisanu ndi titatu tonga timiyala, m'chikhatho muli asanu, m'zala khumi ndi anayi. Onsewa amathyoka, koma lililonse lili ndi kathyokedwe kake.

Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho pansi. Chimathyoka ndi fupa la mbali ya chala chachikulu, kufupi ndi dzanja, kapena lija lopingasa m'munsi mwa khosi. Ndamanga otere mazanamazana, agogo ogwa pamasitepe, ana ogwa mumtengo, zidakwa zogwera m'ngalande. Koma fupa la mbali ya chala chaching'ono lili pansi pa khungu penipeni, lopanda mnofu wolitchinga. Likathyoka lokha, pakatikati, mnzake ali bwinobwino, timadziwa kuti mwini wake anakweza mkono kuphimba mutu, ndipo china chake chinatera pamenepo. Zaka zonsezi sindinaonepo sopo atathyola fupa limenelo.

Pachithunzipo panali chinanso. Limodzi la mafupa a m'chikhatho lili ndi chotupa cha fupa lothyoka kale limene linalumikizana lokha. Mukukumbukira chaka chatha pamene anatiuza kuti chitseko cha galimoto chamupana? Tonse tinamudzudzula kuti azisamala.

Atamubweretsa m'chipinda changa ndinatseka chitseko, n'kuyamba kuviika mabandeji m'madzi. Iye maso anali kukhoma. Ndinakulunga thonje kuchokera kuzala mpaka pamwamba pa chigongono. Kenako ndinati, “Fupa lanena kale. Iwe ungondiuza kuti chinali chiyani.”

Anati, “Chitsulo cha katani.”

Mlandu wake ndi uwu. Pafupi ndi kwawo pali mayi wina wachikulire wodwala shuga, amene aChikwama anamuuza kuti asiye mankhwala akuchipatala azimwa a m'chikwama. Mng'ono wanga ataona kuti mayiyo akufooka, anapita kukamuuza mwakachetechete kuti abwerere kuchipatala. Mayiyo anabweza mabotolo. M'mawa mwake, mwana atangopita kusukulu ya mkaka, bambo wa nyumba anatseka chitseko. Anayamba ndi nkhonya, mng'ono wanga n'kuwerama, nkhonyayo n'kukatera kukhoma. Ukali unakula chifukwa cha ululu, ndipo anazula chitsulo pazenera ndi dzanja linalo.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti m'mawa wonse dzanja lake lamanja linali m'thumba la chijasi. Anapatsa dokotala moni ndi lamanzere, ine n'kumayesa kuti ndi matama atsopano.

Masana ndinapempha kuchoka msanga. Tinadutsa kukatenga mwana n'kupita kwanga. Madzulo ake aChikwama anabwera n'kuima pawindo, chifukwa pakhomo sindinamutsegulire. Anandiuza kuti ndisalowerere za m'banja la eni, kuti iye ndi mutu wa nyumba, kuti munthu wosaphunzira ngati ine, womata matope oyera pamikono ya anthu, sindingamuuze kanthu pa za thupi la munthu. Ndinatseka katani. Langa lili pachingwe, si pachitsulo.

Tsopano mverani mmene Mulungu amasekera. Lachisanu ndikuitana wodwala wotsatira, ndinangoona aChikwama akulowa, chijasi atachisiya kunyumba. Dzanja linali litatupa ngati buledi, zala zosapindika. Masiku atatu anakhala akulipaka mafuta a m'chikwama ndi kumeza mapiritsi ake olimbitsa mafupa, atatuatatu. Kwa kalaliki analembetsa kuti chikwama chinamugwera. Chithunzi chinaonetsa fupa la m'chikhatho lotsogolera ku chala chaching'ono litathyoka pafupi ndi mfundo. Limeneli kuntchito timalitchula kuti la ankhonya, chifukwa amabwera nalo ndi anthu amene anamenya chinthu cholimba kuposa iwo. Mnzanga amene ndimasinthana naye anali patchuthi, choncho munthu uja anagwera pabenchi langa.

Ataona kuti ndine, nkhope inagwa. Anayang'ana kuchitseko, anayang'ana dzanja, n'kukhala pansi. Ndi kamawu kakang'ono anati, “Alamu, mugwire pang'onopang'ono.”

Amayi, mwana wanu ndinamumanga mkono wothyoka osamva ngakhale kubuula. Uyu anayamba kulira dokotala akungotsegula jakisoni, singano isanamukhudze. Poongola fupa anaitana mayi ake, anaitana Mulungu, anaponda beseni langa madzi n'kutayikira pansi. Pabenchi lina panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kothyoka pachigongono, kakudikira mwakachetechete. Kanafunsa mayi ake ngati bambowo tikuwadula dzanja.

Sindinamupweteke dala, Mulungu ndi mboni. Ndinamumanga bwino monga ndimamangira aliyense, zala ziwiri zakumapeto nditazipinda moyenera, chala chachikulu chili pamtunda. Ntchito yanga sindingaiipitse chifukwa cha munthu ngati ameneyu. Chikhakha chikuuma anayamba kundinyengerera kuti nkhaniyi ithere pakati pathu, poti ndife banja limodzi, ndipo makasitomala akamva zimuvuta. Za mkono wa mkazi wake sanafunse. Za mwana sanafunse. Anafunsa ngati chikhakha chingabisike m'mkono wa jekete.

Ndinamuuza kuti wachedwa. Dokotala anali atalemba kale kalata yofotokoza zimene anaona, ndipo mng'ono wanga anali atapita nayo kupolisi dzulo lake. Ndinamuperekeza, koma analankhula yekha, kuyambira pachitseko cha galimoto chija mpaka pachitsulo. Apolisi amuitanitsa mwamunayo kuti akaonekere sabata yamawa.

Ndamva kwa mlongo wa aChikwama kuti Loweruka akubwera kwanuko. Wagula shuga, nsalu, ndi mabotolo awiri a mankhwala a mawondo anu. Ndikumudziwa mmene adzachitire. Adzagwada patali, chikhakha atachiika patsogolo kuti muchione, adzati naye anavulala pofuna kumugwira mkazi wake pamene ankagwa. Zikakanika adzati anali Satana. Pomaliza adzati wosokoneza ndine, mkazi wopanda banja amene ndikufuna kuti mng'ono wanga afanane nane. Zoti ndilibe banja n'zoona, ndipo mafupa anga onse ali monga munandibalira. Andinene mmene angafunire. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ine ndine wamkulu.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Mulandireni mmene mufunira, mumupatse mpando ndi madzi, sindikukuuzani kuti mumuthamangitse. Koma mukadzamuimbira mwana wanu, musadzamuuze kuti apirire. Mawu amenewo musawatchule n'komwe. Mwana wanu sakumuopanso mwamuna uja, anamuona mmene alili. Amene akumuopa ndi inu. M'mawa uliwonse ndikamumanga nsalu yokolekera mkono m'khosi, amandifunsa kuti kodi Amayi adzati chiyani. Mukangoti banja ndi kupirira, ndikudziwa kuti adzalongedza ndi dzanja limodzi lomwelo n'kubwerera. Mkono unatchinga mutu kamodzi. Sindikufuna kudzaona chithunzi cha tsiku limene udzachedwe.

Pali china chimene ndakhala nacho zaka khumi, ndipo ndachilemba ndi kuchifufuta kawiri. Chaka chija munadwala malungo aakulu, ndinabwera kudzakusamalani ndili ndi chaka chimodzi chokha pantchito. Tsiku lina ndikukusambitsani, chala changa chinadutsa pamkono wanu wamanzere, mbali ya chala chaching'ono, n'kukumana ndi chotupa cholimba pakatikati pa fupa. Tili ana munkatiuza kuti ng'ombe inakuponderezani kukhola. Ndinakupukutani, ndinakuvekani, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba. Malemu bambo anali atakhala pakhonde akumvera wailesi, ndipo madzulo ake ndinawapatsa madzi osamba m'manja monga mwa masiku onse.

Sindinakufunseni nthawi imeneyo ndipo sindikukufunsani lero. Munalibe kopita, munali ndi ana asanu, ndipo amene akanakulandirani ndi omwewo anakubwezani. Sindikukuweruzani. Ndikungoti mzime wanu ali nako kopita. Chipinda changa n'chaching'ono, koma bedi talikankhira kumene sikudontha, ndipo tikukwana.

Chikhakha chikhala milungu isanu ndi umodzi. Mdzukulu wanu wachijambula kale maluwa ndi nkhuku ya miyendo itatu. Akuti ndikuuzeni kuti dzino lake lakutsogolo likugwedera.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa achimwene ndi alamu pamodzi ndi ana. Achimwene muwauze nokha nkhaniyi, koma muwaletse kukwera basi ndi ukali, chifukwa m'chipinda changa chakuntchito anthu othyoka m'chikhatho akwana.

Mng'ono wanga wakhala pambali panga pamene ndikulemba, ndipo akupereka moni. Ndamuwerengera kalata yonse kupatula ndime ya mkono wanu. Imeneyo ndi yanu. Ngati mufuna kuti aidziwe, mudzamuuze ndi pakamwa panu.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu wachisamba.