Mkanda wanu wasupuka, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Kasenengwa tilipo, kungoti ine mtima uli m'mwamba.

Ndiyambe ndi zabwino. Mtedza wa m'munda mwanu muja wabereka bwino, thonje lokha ndi limene latigwiritsa mwala. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane anabereka mwana wamkazi, tinamutcha dzina lanu, ndipo kukalipa kwake ndi inu nomwe. Agnesi, mwana wa akulu anga a Felista, akukwatiwa Loweruka lino kutchalitchi ku Chipata. Nkhani yanga yagona pamenepo.

Mukuukumbuka mkanda wanu wagolide, wa kamendulo ka Amayi Maria, umene atate anakubweretserani kuchokera kumigodi? Pogawa zovala zanu, banja linati ndiusunge ine, mdzukulu aliyense wamkazi azivala tsiku la ukwati wake. A Felista sanakondwe. Ananena anthu akumva kuti chinthu chodula chotere sangasunge munthu amene feteleza amachita kupempha.

Ndakhala ndikuusamala mmene munkachitira inu. "Uwu umasamba ngati khanda," munkatero. "Madzi ofunda, sopo pang'ono, kansalu kofewa. Osakwecha!" Tikaugwira titadzola mafuta munkatimenya padzanja.

Lolemba ndinautsuka, n'kuuyanika patebulo, ine ulendo kuchigayo. Mkamwini wanu, bambo a Mada, munthu amene chikwatirane sanatsukepo ngakhale supuni, tsiku limenelo ndiye anagwidwa chifundo. Akuti unkaoneka wosawala. Anatenga phulusa ndi ndimu, n'kuukwecha mmene amakwechera belu la njinga yawo. Ndinawapeza atagwira tsaya, mkanda uli pamwendo. Amayi, golide anachoka. Mbali imodzi yonse yasupuka, pansi pake pakuoneka chitsulo chofiirira.

Ndinathamangira ku Chipata kwa bambo wina wokonza mawotchi ndi mphete. Anauyang'ana kanthawi kochepa chabe, kenako anandiuza mwaulemu kuti ndi mkuwa wopaka golide pamwamba pokha. Opakanso ali ku Lusaka, pofika Loweruka sizingatheke.

Ndikuopa, Amayi. A Felista afika Lachisanu, ndipo mukuwadziwa mwana wanu. Akadzangouona adzati weniweni ndinagulitsa n'kugula wabodza. Adzandikhulupirira ndani? Mudzi wonse umadziwa kuti ndi golide, atate ankalengeza pamowa paliponse. Ndikudziona kale nditakhala pansi pamaso pa amalume, azimayi akunong'onezana kuti Tereza anabera maliro a mayi ake. Dzina limenelo silichoka, ngakhale ana anga adzakula nalo.

Koma pobwerera m'minibasi ndinayamba kuganiza. Inu munkakwecha mapoto mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Mbale, ndowa, ngakhale zidendene zathu, palibe chimene chinkapulumuka. Nanga bwanji mkanda wokhawu? Ndinakumbukiranso kuti mukauvala munkabisa kokolowekera kake pansi pa kolala, ndipo simunkalola wina kukumangirani. Nditafika ndinayang'ana pamenepo. Phulusa silinafikepo, koma napo mpofiirira, posalala, kutha kwake kwakalekale.

Munkadziwa, Amayi. Zaka zonse zija atate akudzitama kuti mkazi wawo amavala golide, inu n'kumangomwetulira, kwinaku mukuusambitsa ngati khanda kuti asachite manyazi. Kaya iwo anapusitsidwa pogula, kaya ndalama zinawathera pamenepo, sindikudziwa, ndipo wofunsa palibe.

Tsono ndikaulula pagulu, anthu adzaseka atate ali m'manda, ndipo zonse munabisa zija ndidzakhala ndazitaya ine. Ndikakhala chete, ndine wakuba.

Mundikhululukire, chinsinsi chanu ndiuza munthu mmodzi yekha. Lachisanu ndidzawaitanira a Felista kuchipinda, ndidzatseka chitseko, n'kuwaonetsa kokolowekera kaja. Akandikhulupirira, Agnesi tidzamuveka ife awiri, mbali yosupuka tidzaitembenuzira kukhungu. Akakana, ndikulonjeza kuti pabwalo sindidzatchula mawu akuti mkuwa. Dzina lakubalo ndidzalisenza. Ngati kumeneko mumatha kufewetsa mitima, yambani ndi wa a Felista.

Ndikudziwa kuti atate agona pambali panu pomwepo. Muwapatse moni, muwauze za mtedza ndi za khanda la Yohane. Zinazi musawawerengere.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tereza