Mbale yobwerera yosakhudza

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ndi njala, chaka chachiwiri tsopano. Chimanga chinapserera chili m'mawondo, ndipo nyanja ya Chiuta yaphwa moti bwato la mkamwini wanu, bambo a Tamandani, langokhala pamatope. Koma mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi ku Phalula. Tamutcha dzina lanu, ndipo kulongolola watengera inu.

Banja langa likanatha, amayi. Nsomba zitasowa, bambo a Tamandani anasiya kuyankhula. Ankangogona masana, osasamba, osapita ngakhale kubawo. Ine ndinkakagwira ganyu kupitirira Nayuchi, n'kubwera ndi madeya. Ndikaphika, ndinkawaikira mbale yawo m'nyumba paokha monga munandiphunzitsira, koma inkabwerera yosakhudza. Paja munkati mwamuna akabweza mbale, kwina wakhuta. Ndinapsa mtima n'kuitana ankhoswe. Anafufuza tsiku lonse kuti wolakwa ndani, sanamupeze, anangoti tipirire.

Anatithandiza ndi mayi wina wa uphungu wa mabanja kuchipatala. Sanatiweruze. Anatikhazika pabenchi limodzi, aliyense ayankhule mnzake ali chete. Kwa ine kukhala chete kunali ntchito, mukundidziwa. Ulendo wachitatu m'pamene bambo a Tamandani anatsegula pakamwa. Kunalibe mkazi wina, amayi. Ankati akakhala okha ndi mbale ija, n'kumamva ana akukanda mphika panja, chakudya chinkawakanira pakhosi. Ankadziona mlendo wongotha chakudya pamudzi pa eni, mpaka ankaganiza kuti iwo atachoka padziko, ana akanakhuta. Ndinalira, ndipo ndikulembamu ndikuchitabe mantha. Mayi uja anati awa ndi matenda a maganizo, si ulesi, ndipo tikupitabe kukaonana naye.

Ndiye mundikhululukire, lamulo lanu ndaphwanya. Tsopano timadya tonse pakhonde, mbale imodzi, ana ali pomwepo. Azakhali akuti ndatha ulemu. Bambo a Tamandani kuchira sanachiretu, masiku ena amangoti duu, koma ndimakhala nawo pafupi osawafunsa za mkazi wina. Dzulo anakangana ndi Tamandani polimbirana mango ophika omaliza, ndipo anaseka. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata m'mano.

Ndimakukondani, amayi. Mvula ikagwa tibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndikulonjeza kuti tidzabwera awiri.

Ndine mwana wanu,
Agnesi