ABanda abwerera pa makina awo

Lachinayi madzulo, mwezi wa Juni, kuno ku Matero. Kwazizira, koma mtima wanga wakhalako pansi.

Amuna anga, aBanda, anatuluka m'chipatala sabata yatha, ndipo lero ndawaperekeza kukapimitsa magazi. Ndinafunsa ba Sisita kuti zimatheka bwanji munthu mmodzi kusoka masiku osagona, akuimba, akugawira odutsa masuti a eni ake, kenako n'kugona miyezi atayang'ana kukhoma. Iwo anati, "Amayi, ni matenda amodzi, kukwera na kutsika. Si ufiti. Mapilisi yawagwira pakati, koma asaleke olo amvere bwino."

Pobwera ndinatsalira pamzere wa sopo. Nditafika kunyumba ndinamva makina akulira pang'onopang'ono. ABanda amasoka yunifolomu yong'ambika ya mwana wathu Lute.

Anati, "Amake Lute, manja yanjenjemera na mankhwala aya. Nilowetsereniko ulusi."

Nditalowetsa, anagwira dzanja langa kanthawi. Piritsi la madzulo amwa okha ndisanawakumbutse.

Mantha anga ndi akuti akadzapeza bwino adzati achira, n'kuleka kumwa. Za kunjenjemerako tikanena kuchipatala Lolemba. Ndawapempha kuti tipitenso limodzi, ndipo sanakane...