Nyimbo Zanga Zinapita ku Durban, Ine Ndinatsala

Newcastle, South Africa
17 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Doris,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Thuchila. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kupita kumunda? Ine thupi lili bwino, kungoti kuno kukuzizira kuposa chiperoni cha kwathu. Ndalemba pa pepala chifukwa mafoni athu amakhala mu ofesi ya abwana mpaka Lamlungu. Kalatayi abweretsa ndi a Chester, oyendetsa lole aja a ku Luchenza.

Ndakhala ndikukuuzani kuti ntchito ikuyenda. Ikuyendadi, koma sindinanene zonse. Fakitale yomwe timasokamo mathalauza ili mumpanda umodzi ndi zipinda zathu zogona, ndipo geti limakhala lokhoma. Pasipoti yanga abwana anatenga tsiku lomwe ndinafika, amati akundisungira, ndipo masiku anga okhala m'dziko muno anatha kalekale. Timatuluka Lamlungu lokha, maola atatu, kupita kutchalitchi cha Amalawi kuseri kwa msika. Ngakhale pamenepo timayenda mocheukacheuka poopa apolisi.

Tsopano imvani izi, koma musandiseke. Ndayamba kupeka nyimbo.

Zinayamba ndi makina. Tikamasoka tonse nthawi imodzi pamamveka kugunda ngati ng'oma za tchopa, ndiye tsiku lina ndinangozindikira kuti ndikuikapo mawu anga. Ndinawalemba pa katoni ya ulusi kuti ndisaiwale. Kutchalitchi kuja kuli a Morris, amene anali aphunzitsi ku Phalombe, ndipo amatsogolera gulu la zisudzo. Atandimva ndikuyimba chapansipansi posesa, anafunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani. Nditayankha kuti ndi yanga, anandikhazika pansi. Anati ali ndi sewero la mayi wothyola tiyi amene mwana wake anapita ku Joni osamvekanso, ndipo akufuna kuti pamene kulankhula kwalephera, osewerawo aziyimba.

Ndinapeka nyimbo zisanu ndi imodzi. Achemwali, sindinkadziwa kuti mwa ine muli chinthu chotere. Nyimbo ya m'sewero si ngati ya kwaya. Uyenera kumudziwa munthuyo, zimene akufuna ndi zimene akubisa, kenako n'kumupatsa mawu oti iye yekha ndiye anganene. Ya mayiyo ali pa sikelo, kapitawo akumuuza kuti tiyi wake ndi wonyowa, inanditengera masabata atatu. Poiganizira ndinasoka matumba a mathalauza mozondoka kawiri konse, ndipo ndinakalipidwa pamaso pa anzanga.

Seweroli linachitika Loweruka lapitali mu holo ina ku Durban. A Morris anandisungira malo m'minibasi. Nditapempha, abwana anati oda ya mayunifolomu yachedwa, ndipo amene atuluke tsiku limenelo asabwerenso. Ndikanalowera kuti popanda pasipoti? Nthawi imene anthu ankayimba nyimbo zanga, ine n'kuti ndikuika mazipi.

Lamlungu a Morris anandionetsa zonse pa foni yawo. Mtsikana amene anasewera mayi uja anakweza mawu pamalo pomwe ine ndinkafuna atsitse, koma zinakoma kuposa mmene ndinkaganizira. Pofika pa kolasi, holo yonse inalandira. Mayi wina wa ku Thyolo analira mpaka anatuluka panja. Pomaliza anatchula dzina langa, kuti Favour wa ku Mulanje aimirire. Anthu anawomba m'manja akuyang'ana uku ndi uku, mpaka anasiya okha. Ndinabweza foniyo ndisanamalize kuonera.

A Morris akuti akudziwa bungwe lomwe lingandithandize kutenga pasipoti. Sindinavomere, sindinakanenso. Mnzanga wina atayesa zoterezi apolisi anamutsekera miyezi itatu asanamubweze kumudzi, ndiye ndikuchita mantha.

Pempho langa ndi limodzi. Seweroli lichitikanso mu Okutobala, ndipo tikufuna kuwonjezera nyimbo ya Chilomwe pamene mayiyo akutsanzikana ndi mwana wake. Mukukumbuka ija amayi ankayimba m'mizere ya tiyi ku esiteti, ife tikawapititsira chinangwa masana? Chuni chake ndili nacho, koma mawu anandithawa. Ndayesa mwezi wathunthu, ndimangofika mzere wachiwiri. Kuno palibe woyankhula Chilomwe woti ndimufunse. Chonde akhazikeni pakhonde ayimbe yonse, mujambule pa foni ya alamu, munditumizire Lamlungu isanakwane wani koloko. Asaikonze kapena kuifupikitsa, ayimbe mmene ankayimbira.

Powawerengera kalatayi, mudumphe za geti ndi pasipoti. Akafunsa kuti nyimboyo ndikufuniranji, muwauze kuti mwana wawo waiwala chiyankhulo cha kwawo ndipo akuchita manyazi. Pamenepo simunama.

Moni kwa amayi, kwa alamu a Hopewell, kwa amalume a ku Mulanje Mission ndi azakhali. Ana onse muwauze kuti mayi awo aang'ono amawatchula mayina tsiku lililonse. Ndilekere pano, belu lalira, nthawi ya chakudya yatha ndisanadye.

Tsalani bwino achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Favour